Khomo limene Che Zubairu anaboola pansi pa chipinda cha mayi awo

Panali munthu wina ku Liwonde, dzina lake Zubairu, amene ankagula nandolo m'midzi n'kumakagulitsa ku Balaka. Nkhaniyi ndinaimva kwa amene anakhala nawo pa maliro, ndipo mpaka lero imandiwawa.

Nyumba yake inali pamalo otsetsereka. Pomanga anakweza khoma la maziko mbali yakumunsi n'kuthira silabu pamwamba, ndiye pansi pa chipinda chimodzi panatsala mphako yoti munthu n'kulowamo chowerama. Galaja inagundana ndi khoma limenelo. M'chipinda cha pamwamba pa mphakoyo munkagona mayi ake, Abiti Shafiq, amene anabwera kuchokera ku Ngokwe kudzalandira chithandizo cha mwendo. Sankatha kuyenda okha.

Chaka chimenecho nandolo anachuluka, matumba anadzaza galaja. Zubairu anaganiza zoboola khomo pakhoma la maziko lija kuti ena aziwalowetsa mumphakomo. Anaitana a Bilali, mmisiri amene anamanga nyumbayo.

A Bilali anagogoda khoma, n'kupukusa mutu.

"Che Zubairu, khoma ili ndi limene lasenza chipinda chonsechi. Kuboola n'kotheka, koma tiyambe tachirikiza silabu ndi mapolo a bulugamu. Kenako tithire mtanda wa simenti ndi zitsulo pamwamba pa khomolo, uume milungu itatu. Njerwa tichotsa pambuyo pake."

"Milungu itatu? Lole ina ikubwera Loweruka, matumba ndiika pati?"

"Ndiye ine iyayi. Ndipo aliyense amene angagwire khomali, amayi ayambe atuluka m'chipindamo."

Zubairu anali munthu wosamva za mnzake akaona phindu patsogolo. Anati a Bilali akungofuna kutalikitsa ntchito. Mawa lake anakumana ndi munthu wina pamsika atanyamula hamala yaikulu, woti ngakhale kwawo sankakudziwa.

"Bwana, zimenezo ndi za tsiku limodzi," anatero munthuyo. "Silabu imadzigwira yokha."

Mawu amenewo ndi amene Zubairu ankafuna kumva.

Lachisanu m'mawa hamala inayamba kulira. Mkazi wake, Salima, anathamangira m'galaja.

"Bambo a Ilham, kapu ya amayi ikuvina patebulo. Tiwatulutse kaye akakhale pakhonde."

"Kuwanyamula kumawapweteka mwendo. Asiyeni apume, pofika masana tikhala tatha."

Nthawi ya mapemphero a Juma itakwana, Zubairu anavala mkanjo wake n'kupita kumzikiti. Anasiya bowo lili laling'ono, koma anauza munthu uja kuti alikulitse mpaka wilibala izilowa.

Mapemphero ali mkati, Salima anamva phokoso ngati lole ikutsitsa miyala. Fumbi linatuluka pazenera. Khoma linakhala pansi, silabu inathyoka pakati, ndipo bedi la Abiti Shafiq linalowa mumphako muja, khoma la chipinda n'kugwera pamwamba pake. Wa hamala uja anapulumuka chifukwa anali atatuluka kukamwa madzi. Anataya hamala pomwepo, ndipo sanaonekenso.

Anthu anachoka kumzikiti akuthamanga, n'kuyamba kufukula ndi manja. A Bilali analipo, ndipo ndi iwo amene ankauza anthu njerwa zoyamba kuchotsa kuti zina zisagwenso. Mayi aja anawapeza atatsirizika kale.

Maliro anaika Loweruka m'mawa. Mlongo wake wa Zubairu, Zulfa, anafika kuchokera ku Ngokwe thupi litasambitsidwa kale. Pafoni anangomuuza kuti amayi atisiya. Ataona mchimwene wake, anamugwira dzanja pamaso pa anthu onse.

"Achimwene, ine ndinakupatsani amama akudwala mwendo wokha. Dzana lomweli ndayankhula nawo akuseka. Chawatenga n'chiyani?"

Zubairu anagwada pansi n'kulira ngati mwana.

Phunziro: Khoma la maziko si loboola mwachisawawa. Mmisiri wodziwa ntchito akakuuzani kuti dikirani, dikirani, musakasake wina woti akuuzeni zokukomerani. Ndipo ntchito yogumula ikamachitika, tulutsani anthu onse m'nyumba, makamaka odwala ndi okalamba amene sangathe kuthawa. Katundu amapezeka wina, koma mayi sabwera kawiri. Musaisunge nokha nkhaniyi, atumizireni abale ndi anzanu amene akumanga kapena kukonza nyumba.