Tiyi wa Yanqiu

Yanqiu anagwada pamaso pa mayi ake pakati pa bwalo, atanyamula kapu ya tiyi ndi manja awiri. Anyamata onse ophunzira nkhonya analeka kumenya matumba a mchenga.

Mayi ake, a Shufen, ndiwo ankaphunzitsa nkhonya za banja la a Pang chimwalirireni amuna awo. Mwambo ankaudziwa bwino: mphunzitsi akangomwa tiyi wa wogwada, ndiye kuti wamulandira, ndipo sadzamubisiranso kanthu.

"Alamu, musaikhudze kapuyo," anatero a Dehai, akulu ake a malemuyo. "Inu tinakuphunzitsani chifukwa munakwatiwa muno. Uyu mawa akwatiwa kwina, nkhonya zathu apita nazo ngati mbale za ukwati."

"Ndiye ndiphunzitse ndani, alamu? Mwana wanu uja amadzuka dzuwa lili paliwomboyu?"

"Ameneyo ndi Pang!"

"Uyunso ndi Pang. Wobwera pano ndine."

Tiyi wotentha anatayikira pa zala za Yanqiu, koma kapu sanaitsitse.

"Mukamwa," anatero a Dehai, "lupanga la mng'ono wanga ndilichotsa pakhomapo lero lomwe, ndipo inu mutulukira chipata chomwe munalowera."

A Shufen anayang'ana lupangalo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana zala zofiira za mwana wawo.

"Zigongono pansi, iwe," anakalipa. "Ukazitambasula choncho, ndingakugwetse ndi chala chimodzi."

Yanqiu anatsitsa zigongono.

A Shufen analandira kapuyo, namwa tiyi yense, ndi masamba omwe.