Dothi Langa Lili kwa Alamu

Lachinayi lapitali, Nabiyeni, amene amalima paphiri, anandiuza izi.

"Mvula ya Lolemba inakokolola munda wanga wonse, n'kusiya miyala ndi chigwembe chofika m'chiuno. Mwa lamulo latsopanoli, dothi ndi la mwini malo amene lakaimapo. Langa linakaima kudambo, m'munda mwa alamu anga, a Chikaonda.

"Ndinatsika ndi ndowa. Ndinati, 'Alamu, ndipatseniko lodzadza muno, ana adyeko chaka chino.'

"Iwo anati, 'Munkathira manyowa abwino, alamu, chimanga changa chikondwa. Koma ndowa ayi, angandimange. Potuluka mutsuke mapazi, musapite nalo.'

"Ndinatsuka. Nditafika kwathu ndinasesa fumbi la m'nyumba, n'kuliunjika pamwala. Ndinabzalapo nthanga zitatu za maungu."