Chipsera Pachikuto

Mayi anali pakati posita malaya pamene mwana wawo wamkazi analowa atakumbatira chimbale.

"Amayi, ndachipeza! Cha nyimbo za soul chija ankachikonda adadi. Wogulitsa akuti n'choyambirira chenicheni, osati zojambulanso zadzaza mumsikazi."

"Amatero onse. Vula nsapato, ndakolopa."

"Taonani timanambala iti pafupi ndi kabowoka. Akuti tikakhala tozokota pamanja chonchi, ndiye kuti n'chotuluka koyamba. Anapanga zochepa kwambiri."

Mayi sanayang'ane timanambalato. Maso awo anali pangodya ya chikuto, pomwe panali chipsera cha nsonga ya simbi. Anachiwotcha okha, tsiku lina malemu amuna awo atachisiya pathebulo lomweli, ndipo anakhala masiku atatu osalankhulana. Ndi iwonso amene anachiika m'bokosi la maliro, pachifuwa pa bamboyo, alamu awo asanakhome chivundikiro.

"Wati wogulitsayo anachigula kwa ndani?"

"Sananene. Ndiyatse timvere?"

"Ayi. Chisiye pomwepo."

Anagwiranso simbi. Inali itazirala kale, koma anangopitiriza kuiyendetsa pakolala yomweyo.