Tepi ya a Philemon m'dimba la Steward

Panali munthu wina kwa Kapichila, ku Lundazi, dzina lake Steward Mtonga. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona.

Steward ankakonda zipangizo zakale. Anzake akagulitsa fodya ankathamangira malata, iye ankayenda m'midzi kufunafuna mawailesi amene eni ake anasiya kugwiritsa ntchito. Chipinda chimodzi cha nyumba yake chinadzaza ndi mawailesi a kaseti, galamafoni, TV yosaonetsa mitundu, kompyuta yotupa kumbuyo, ngakhale kagemu kolumikiza ku TV. Loweruka lililonse ankazipukuta, ndipo zambiri anaziukitsa ndi manja ake.

Tsiku lina anamva kuti kwa Magodi kuli mayi wina wamasiye, aNyaZimba, amene ali ndi wailesi yaikulu ya masipika awiri. Anapalasa njinga n'kupita. Ataiona, anakondwa kwambiri, chifukwa mtundu umenewo anali ataufuna zaka zambiri. Anawapatsa kawailesi katsopano ka sola kuti asinthane.

Mayiwo anavomera, koma anagwira kaye wailesiyo ndi manja awiri.

"Mwana wanga, wailesi tengani, inafa kale. Koma mkati muli kaseti inakanilila, kachitseko sikatseguka. Mukatsegula, munibwezele."

"Musadandaule amama, sabata yamawa nibweletsa."

Steward atafika kunyumba anatsegula kachitsekoko ndi kampeni. Kasetiyo inali yakuda ndi fumbi, zolemba zake zitafufutika. Anaiponya m'katoni momwe munali makaseti ena, n'kuyamba kukonza wailesi. Patapita masiku atatu wailesi inalira, ndipo anaitana aneba kudzamvera.

Mkazi wake Jemima anamukumbutsa. "Atate a Lukundo, kaseti ya amama aja mupeleka liti?"

"Ni nyimbo za kwaya chabe zija. Nipalase njinga mpaka kwa Magodi chifukwa cha kaseti yowola?"

"Mwaimvela?"

"Nimvele chani? Makaseti niadziwa ine."

"Munalonjeza munthu wamkulu," anatero Jemima, n'kusiya pomwepo.

Mwezi womwewo mbalame zinavuta m'dimba lake, zikudya mbande za repu. Steward anatenga makaseti asanu m'katoni muja, n'kusolola tepi yake, n'kuimanga pamitengo kudutsa dimba lonse kuti izinyezimira ndi kuopseza mbalame. Inakhala pamenepo milungu itatu, dzuwa likuiwotcha, mame akuinyowetsa.

M'mawa wina anamva odi pakhomo. Anali aNyaZimba, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anakwera galimoto mpaka pa boma, kotsalako anayenda pansi.

"Monire adada. Nabwela kutenga kaseti ija."

Steward anawapatsa mpando, n'kuyamba kunena kuti angathe kuwapezera ina yabwino, ya nyimbo zomwezo.

"Mulibe nyimbo mmenemo," anatero mayiwo. "Muli mawu a amuna anga, a Philemon. Atadziwa kuti matenda awagonjetsa, anakhala pamphasa na wailesi ija, n'kulankhula na mwana aliyense pomutchula dzina. Mwana wothela, Temwani, anali na miyezi inayi. Sanawamvepo atate ake. Mwezi wamawa akwatiwa, manje nifuna amve zimene anamusiyila."

Steward anayang'ana pansi. Jemima anali chiimire pakhomo la khitchini. Kenako Steward anaimirira.

"Amama, tiyeni muone chimene nachita."

Anapita nawo kudimba. Tepi inali ikugwedezeka ndi mphepo pamwamba pa repu, ina itaduka n'kukodwa m'minga. ANyaZimba anaiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, sanalire. Anatola chitsononkho pansi, n'kuyamba kumasula tepiyo pamtengo woyamba, akuikulunga pang'onopang'ono ngati ulusi. Steward anagwada n'kuyamba kuwathandiza, koma sanathe kudziwa kuti ya a Philemon ndi iti pa matepi asanu aja. Anakulunga yonse.

Anawapempha kuti amusiyire ayese. Masiku anayi sanapite kumunda. Ankapukuta tepi ndi kansalu, kulumikiza zidutswa ndi selotepi, kukulunga ndi pensulo, n'kuika mu wailesi. Zambiri zinkangomveka phokoso ngati mvula pamalata. Zina zinali nyimbo za anthu ena. Tsiku lachinayi, pakati pa phokosolo panamveka munthu akutsokomola, kenako mawu otopa a mwamuna: "Temwani, mwana wane..." Atangotero, phokoso linabwerera mpaka kumapeto.

Steward anamangirira wailesi ija panjinga, pamodzi ndi kasetiyo, n'kupita kwa Magodi. Anapeza Temwani ali ndi amayi ake akusenda mtedza. Anaika wailesi pamphasa n'kudina.

Mtsikanayo anamvera, n'kunena kuti, "Bwezelaninso." Steward anabwereza kasanu ndi kawiri. Kenako Temwani anafunsa amayi ake, "Ndiye anati chani pambuyo pake?"

"Ninamvela kamodzi chabe, chaka chamalilo, mtima unakana kubwezela," anayankha aNyaZimba. "Nikumbuka kuti analankhula nthawi yaitali. Mawu ake enieni ninaiwala, mwana wanga."

Steward anasiya wailesiyo pomwepo, n'kubwerera kwawo akukankha njinga.

Phunziro: Chimene kwa inu ndi chitsulo chakale, kwa mwini wake mwina ndi chokhacho chimene chamutsalira. Mukalonjeza kubweza chinthu, bwezani msanga, ndipo musaweruze kuti n'chachabe musanafunse. Ngati kwanu kuli makaseti, zithunzi kapena mafoni akale a makolo, zisamaleni lero. Tumizirani nkhaniyi abale ndi anzanu, mwina wina ali ndi kanthu ka mwini m'katoni mwake.