Anamata Chitupa, Sitima Inamusiya

Panali munthu wina kwathu kuno ku Ribeirão Preto, dzina lake Valdomiro, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo ndikaikumbukira ndimapsa mtima mpaka lero. Sindimvera chisoni iyeyo ayi, koma mkazi wake Zuleide.

Zuleide anali ndi mkulu wake, Iracema, amene anakwatiwa ku Montevideo, mzinda wa m'dziko lina. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zinatha osaonana, chifukwa ulendo uliwonse ukakonzedwa Valdomiro ankaupha. Ndege akuti imagwa. Basi akuti madalaivala a masiku ano amasinza pa chiwongolero. Iracema atayamba kudwaladwala, ana a Valdomiro anatopa nazo n'kugulira makolo awowo matikiti a sitima yapamadzi yonyamuka pa doko la Santos, yokaima tsiku limodzi ku Montevideo. Unali ulendo wawo woyamba wa panyanja.

Valdomiro anavomera, koma mantha sanamuchoke. Anagula kope n'kumalembamo chilichonse chimene chingalakwike. Anagula majekete awiri oyandamitsa munthu, ngati kuti sitima ilibe ake. Anagula matochi atatu, chingwe, mankhwala a chizungulire a mitundu inayi, ndi thumba la ufa wa chinangwa poti mwina chakudya chingathe pakati pa nyanja. Masutikesi anakwana asanu. Gislaine, mayi amene anawagulitsa matikiti, ankaimbiridwa foni tsiku ndi tsiku.

"Bambo, khazikani mtima pansi," anatero Gislaine. "Zonse zili m'sitimamo. Pasipoti sikufunika, inu mungobwera ndi chitupa chanu cha unzika monga momwe boma linakupatsirani. Musachichite kalikonse."

Malangizo amenewo m'kope muja sanalowemo.

Kutatsala masiku awiri, Valdomiro anapita ku kashopu ka fotokope kukachulukitsa matikiti kachisanu. Pamzere panali bambo wina wa chipewa choyera amene anasuzumira mapepala ake.

"Achimwene, mukupita panyanja ndi chitupa cha pepala chonchi? Mphepo ya mchere imafufuta zilembo. Ine ndayenda maulendo asanu ndi awiri, ndikudziwa. Chimateni m'pulasitiki, makina ake ndi awo ali apowo."

Valdomiro sanafunse n'komwe dzina la munthuyo. Anapereka chitupa, makina anachitenthetsa, chinatuluka cholimba chonyezimira. Anafika kunyumba akunyadira.

"Zuleide, bweretsa chako ndikamatitse."

"Kodi Gislaine anati chiyani?"

"Gislaine amagulitsa matikiti, nyanja saidziwa."

"Nanga inu mumaidziwa? Munthu woopa ndi madzi a m'bafa omwe. Changa musachikhudze."

Valdomiro anasanthula madilowa onse, mpaka m'kabati ya mbale, koma sanachipeze. Zuleide anali atachibisa m'chitini cha khofi. Tsiku lonselo Valdomiro ankangong'ung'udza kuti akazi samva.

Tsiku la ulendo anafika ku Santos m'mawa kwambiri, anthu oyamba pamzere. Mtsikana woona mapepala analandira chitupa cha Zuleide, n'kumudutsitsa. Atalandira cha Valdomiro anachitembenuza kawiri, n'kuitana mkulu wake wa pantchito.

"Bambo, chitupa chomatidwa chonchi sitilandira. Sitingathe kuona ngati n'chenicheni. Pasipoti muli nayo?"

Akanaitenga kuti pasipoti, munthu woti sanatulukepo m'dziko?

"Ndi ine ndemwe pachithunzipa! Taonani nkhopeyi!"

"Nkhope tikuiona, bambo. Koma dziko la eni simungalowe ndi ichi."

Valdomiro anayamba kukanganula pulasitiki ndi zikhadabo. Pulasitiki inakanganuka limodzi ndi theka la chithunzi ndi dzina lomwe. Apa m'pamene anamva nkhwangwa ili m'mutu. Anatsegula kope lake lija n'kumalivundukula, koma mwa ngozi zonse zimene analemba, imeneyi munalibe.

Ndiye tamvani chimene chimandikwiyitsa. Munthuyu sanapepese. Anangonyamula sutikesi n'kunena kuti, "Basi Zuleide, tiye kunyumba. Tidzapita chaka chamawa."

Zuleide sanasunthe.

"Chaka chamawa chiti? Chija munanena mwana wathu woyamba akukwatira? Kapena chija munanena achemwali ali m'chipatala?"

"Usandichititse manyazi pagulu."

"Manyazi mwadzichititsa nokha. Gislaine anakuuzani, ine ndinakuuzani, inu munasankha kumvera chipewa choyera. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikusunga mantha anu ngati mwana wakhanda. Lero muwasunge nokha."

"Undisiya pano ndekha?"

"Simuli nokha. Muli ndi majekete awiri, matochi atatu ndi ufa wa chinangwa. Pamtunda pano simumira."

Zuleide anatenga kachikwama kake kamodzi n'kulowa m'sitima, osacheuka. Valdomiro anatsala atagwira njakata, ndipo anakwera basi yobwerera kwawo ndi masutikesi onse asanu. Oyandikana nawo tinamuona akutsitsa katunduyo pageti, palibe amene anamuthandiza.

Ku Montevideo, Iracema anabwera padoko pa njinga ya olumala. Anakhala ndi mng'ono wake maola asanu ndi awiri, akumwa tiyi, akuseka, akulira. Patatha miyezi iwiri Iracema anamwalira. Zuleide akanamvera mwamuna wake padoko paja, chaka chamawacho akanakaona manda.

Phunziro: Kukonzekera ulendo n'kwabwino, koma mantha akakula amaononga chinthu chimodzi chomwecho chimene chinali bwinobwino. Mverani amene ntchitoyo ndi yake, osati mlendo wa pamzere amene ngakhale dzina lake simulidziwa. Ndipo mantha anu asamangirire anzanu pakhomo, chifukwa si aliyense ali ndi chaka chamawa. Tumizani nkhaniyi kwa m'bale wanu uja amene wayamba kale kulongedza matochi.