Masamba a Nyani Pamsewu

Padangotero, kumapiri a Dedza nyama zinakonza mpikisano wa magawo atatu: kusambira kuwoloka damu, kupalasa njinga, kenako kuthamanga mpaka pamkuyu.

Nyani ankadziwa kuti Katumbu amusiya kutali m'madzi. Ndiye analawirira kukayala masamba mopingasa msewu pakhomo pake, monga timachitira pakagwa maliro.

Katumbu anavuukadi woyamba. Ataona masambawo anatsika njinga n'kukhotera kwa Nyani, ndipo onse omutsatira anachita chimodzimodzi. Mkazi wa Nyani, poona khamu likulowa mwakachetechete, anayamba kulira kuti mwamuna wake wamira. Nkhwazi, woweruza mpikisano, anamva kulirako nachoka pamkuyu.

Nyani anavuuka womaliza, napalasa, nathamanga, nafika pamkuyu. Panalibe aliyense. Atatopa kudikira anabwerera kwawo, n'kupeza nyimbo zili mkati, chimanga cha m'nkhokwe mwake chikudyetsa olira.

"Ndapambana ine," anatero Nyani.

Katumbu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Mwina mwapambanadi, achimwene. Koma wakuonani ndani? Tonse tinali pamaliro anu."