Barbara Sabwela

Amene anandiuza nkhaniyi ndi ba Besa, wogulitsa matikiti pa siteshoni ya mabasi ya Intercity.

Akuti Barbara Chishimba atasindikiza buku la moyo wa amayi ake, limene linamudyera zaka, anapita nalo ku Kabwata kukawawerengera. Mayiwo anali atayamba kuiwala anthu. Anamvetsera ali phee, akusisita mkono wa mpando, mpaka pamene bukulo limanena m'mene ankagulitsira makala ku msika wa Soweto, mwana ali kumsana.

"Uyu wamene analemba akonda amai bake," anatero mayiwo. "Wanga Barbara sabwela. Ati ali bize, alemba buku."

Barbara anafuna kunena kuti ndi iyeyo. Koma anangotembenuza tsamba n'kupitiriza.

Zoti anapitirizadi kuwerenga, ine ndikukayika. Sindikhulupirira kuti misozi inamulola kuziona zilembozo.